Musanatumize uthengawo, lozani foni kumwamba

Lamulungu pa 7 Seputembala 2025, kutangotsala masiku 9 kuti Amalawi tikaponye voti, mwezi unafiira psuu. Kuyambira cha m'ma 7:30 madzulo mpaka 9 koloko itatsala pang'ono kukwana, unakhala chifiirire kwa mphindi 82. Mmene kumacha, m'magulu a WhatsApp omwe ndilimo munali mutadzaza matanthauzo. Ena amati pachisankho pakhetsedwa magazi. Ena amati dziko latha basi, lapani. Panalinso ochenjera omwe anapezamo chizindikiro chakuti mtsogoleri wawo wapambana kale.

Chomwe chinandikhudza ine n'chakuti foni zomwe zinafalitsa mauthenga amenewa ndi zomwezo zikanatha kuwathetsa. Tsiku, ola ndi mphindi ya kadamsana ameneyu zinawerengeredwa kalekale, tsiku la chisankho chathu lisanaikidwe n'komwe, ndipo app yaulere ikanakuonetsani zonsezi muli khale pakhonde. Anthu a ku Kenya, China ndi Australia anaona mwezi womwewo uli wofiira, chonsecho chisankho chathu sichimawakhudza.

Zomwe zinachitika n'zosavuta kumva. Dziko lathuli linadutsa pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wake n'kugwera pamwezi. Mweziwo sunade bii chifukwa mpweya wozungulira dziko umamwaza kuwala kwa buluu koma umapinda kuwala kofiira n'kukulowetsa mumthunzimo. Ndi chifukwa chomwecho dzuwa limafiira likamalowa. Anthu a ku Babulo anazindikira zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti akadamsana amabwereza pakatha zaka 18 ndi masiku 11. Iwo ankalemba padongo. Ife tili ndi kompyuta m'thumba, koma tikuigwiritsa ntchito yoopsezana.

Mwina wina anena kuti, aaa, zikupweteka ndani anthu akamacheza za mwezi? Abale anzanga, m'dziko muno chinthu cha kumwamba chikasowa tanthauzo, amalipira ndi agogo. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu mphezi itapha mtsikana wina m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira m'maboma oyandikana nalo, anthu osalakwa n'kutaya miyoyo. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga pamudzi kuposa uthenga wa pafoni. Munthu akaona kuwala kwachilendo usiku, funso loyamba limakhala lakuti "n'chiyani?" ndipo likasowa yankho, lachiwiri limakhala lakuti "wachita ndani?" Funso lachiwirili ndi lomwe limaphetsa anthu.

Komatu zowala zachilendo zikuchulukirachulukira. Kuyambira mu 2019 kampani ya SpaceX yakhala ikutumiza kumwamba masetilaiti a Starlink, ndipo pano alipo masauzande angapo. Intaneti yake inayamba kugwira ntchito ku Malawi kuno mu 2023. Masetilaitiwa amawatumiza ambiri nthawi imodzi, ndiye masiku oyambirira amayenda mondondozana ngati mikanda yapaulusi, mwakachetechete, asanabalalike. Tangoganizani munthu wakumudzi amene sanamvepo za zimenezi akuona nyali 20 zikudutsa pamwamba pa manda cha m'ma 7 koloko madzulo. Mawa lake nkhani ya ndege ya ufiti yafika kwa amfumu.

Palinso International Space Station, nyumba yofufuziramo ya mumlengalenga momwe mumakhala anthu chaka chonse. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imathamanga makilomita 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha. Ikamadutsa kuno imawala kuposa nyenyezi zonse, n'kuzimirira patatha mphindi zochepa. Zinanso zimagwa ndithu. Pa 30 Disembala 2024, chitsulo chozungulira cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chinagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo bungwe loona za mumlengalenga la dzikolo linati ndi chidutswa cha roketi. Zoterezi sizisankha malire a dziko. Tsiku lina zidzagwa ku Ntchisi kapena ku Phalombe, ndipo padzafunika munthu pamudzipo woti anene modekha kuti ichi n'chiyani.

Munthu ameneyo akhoza kukhala inuyo, chifukwa chida muli nacho kale. Ma app monga Stellarium, Sky Map, SkySafari ndi Star Walk amagwiritsa ntchito zinthu zitatu zomwe zili m'foni. GPS imaiuza foni pomwe mwaima, wotchi imaiuza nthawi, ndipo kampasi pamodzi ndi tizipangizo tomva kupendekeka timaiuza komwe mwaloza. Ikaphatikiza zimenezi imajambula pasikirini thambo lomwe lili patsogolo panu, ndi dzina la chilichonse chowala. Mukaloza pansi imakuonetsani nyenyezi zomwe sizinatuluke. Mukasintha tsiku imakuonetsani thambo la usiku womwe munabadwa, kapena la chaka chamawa. Heavens-Above imakuuzani mphindi yeniyeni yomwe setilaiti idutse pamwamba pa mudzi wanu komanso mbali yomwe itulukire.

Za bandulo musadere nkhawa kwambiri. Sky Map ndi Stellarium mukangoziika m'foni zimaonetsa nyenyezi ndi mapulaneti popanda intaneti, chifukwa kayendedwe ka zinthuzi ndi masamu omwe foni imachita yokha. Zomwe zimafuna data pang'ono ndi za masetilaiti, poti njira zawo zimasinthasintha. Kanema mmodzi wa pa TikTok wa anthu akuvina angakudyereni data yambiri kuposa kufufuza nthawi yomwe setilaiti idutse.

Vuto lenileni lili pa mtundu wa foni. Mafoni ambiri otsika mtengo omwe ali m'manja mwa achinyamata alibe kampasi, ndiye mukaloza kumwamba chithunzi sichisuntha. Musataye mtima poganiza kuti app ndi yabodza. Ingoyang'anani komwe dzuwa lalowera, mwadziwa kumadzulo, kenaka sunthani mapuwo ndi chala mpaka afanane ndi zomwe mukuona. Kunena zoona, amene amaphunzira chonchi amalidziwa thambo msanga kuposa amene foni imamuchitira zonse. Amene foni yake ili ndi kampasi aime patali ndi galimoto, malata kapena mpanda wachitsulo, chifukwa chitsulo chimasokoneza kampasi.

Ngakhale popanda app, pali zizindikiro zinayi zoti muzisunge m'mutu. Chowala chomwe chikuphethira mofiira ndi moyera chikuyenda, imeneyo ndi ndege. Chomwe chikuyenda mosaphethira, mwakachetechete, nthawi ya chisisira kapena m'bandakucha, ameneyo ndi setilaiti yemwe akunyezimira ndi kuwala kwa dzuwa. Chomwe chang'anima n'kuzimirira pa sekondi imodzi, kameneko ndi kamwala, kawirikawiri kochepa ngati mchenga kapena njere ya chimanga, komwe kapsa polowa mumpweya wathu. Palibe nyenyezi yomwe yathothoka ndipo palibe mfumu yomwe yamwalira. Chomwe chikuwala kwambiri koma chili phee malo amodzi, osathwanima ngati zinzake, kawirikawiri ndi pulaneti, makamaka Venus kapena Jupiter.

Pa nkhani yojambula zithunzi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamera ya foni imatha kusonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, chinthu chomwe diso silingachite. Lowani pomwe palembedwa Pro kapena Night, ikani ISO pa 1600 kapena 3200, nthawi yotsegula kamera pa masekondi 10 mpaka 20, tsamiritsani foni pa njerwa kapena pa thumba la nyemba, ndipo tcherani kuti ijambule yokha pakatha masekondi atatu kuti dzanja lisaigwedeze. Mudzadabwa kuona nyenyezi zomwe maso anu sanazione. Mu Okutobala 2024, nyenyezi ya mchira yotchedwa Tsuchinshan-ATLAS itaoneka kumadzulo, anthu ambiri padziko anaona bwino mchira wake pafoni kuposa ndi maso. Imodzi mwa matelesikopu omwe anaitulukira ili pafupi pompa, ku Sutherland ku South Africa.

Mwezi umafuna zosiyana. Ndi wowala kwambiri, ndiye muchepetse kuwala pakamera, apo ayi mudzangopeza chibanthu choyera. Mukabwereka zoonera patali za maso awiri, zija amagwiritsa ntchito alonda a kumalo osungira nyama, gunditsani kamera ya foni pagalasi loyang'aniramo ndipo maenje a pamwezi adzaoneka. Zoonera zomwezo, mukazikhazika bwino, zimaonetsa timadontho tinayi m'mbali mwa Jupiter. Imeneyo ndi miyezi yake, yomwe Galileo anaiona mu Januwale 1610 ndi telesikopu yofooka, n'kuzindikira kuti si zonse zimazungulira dziko lathu. Musanayambe kuyang'ana, khalani mumdima kwa mphindi 20 kuti maso azolowere, ndipo sikirini muiike pa mtundu wofiira womwe ma app amenewa ali nawo. Mukangotsegula Facebook, maso ayambiranso poyamba.

Koma foni nayonso musaikhulupirire ngati mneneri. Mu 2023 kunabuka mkangano padziko lonse munthu wina atajambula ndi foni ya Samsung chithunzi cha mwezi chomwe anachita kuchifufuta dala pakompyuta, foniyo n'kutulutsa mwezi wokhala ndi tsatanetsatane yemwe pachithunzipo panalibe. Mafoni a masiku ano amakometsera zomwe ajambula. Onjezanipo zithunzi zopangidwa ndi AI zomwe zadzaza paliponse, za miyezi iwiri kapena mapulaneti akuluakulu atandandalika ngati malalanje pamsika. Njira yodzitetezera ndi imodzi. Uthenga ukafika wakuti usiku uno kuoneka chakutichakuti, tsegulani app, onani ngati zikugwirizana, kenaka tulukani panja mukaone nokha. Safunsa anadya phula.

Tsopano tikambe za chuma chomwe tili nacho koma sitichiwerengera. Sindikuyamikira kuthimathima kwa magetsi, ndipo sindikunena kuti midzi yathu ikhale mumdima mpaka kalekale. Magetsi tikuwafuna, ana awerenge, zipatala zigwire ntchito. Koma pakadali pano mdima tili nawo, ndipo mdima umenewu anthu a ku London kapena Tokyo amaulipirira ndalama zambiri kuti akaupeze. Ana ambiri obadwira m'mizinda imeneyo sanauonepo Mlalang'amba ndi maso awo. Kuno, kungochoka pang'ono mu Lilongwe kapena Blantyre, ukuoneka ngati utsi woyera wodutsa thambo lonse.

Malo omwe dziko lathu lili ndi abwinonso. Pakati penipeni pa Mlalang'amba, komwe kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kutifike, pamadutsa pafupi ndi pamutu pathu madzulo a Juni, Julayi ndi Ogasiti, pomwe anthu a ku Ulaya amapaonera m'munsi, pafupi ndi nthaka. Kum'mwera kuli nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali ziwiri zowala. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi inayi kuti kufike kuno. Ku Britain saiona n'komwe. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kupatula masiku a chiperoni. Ikafika Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa ndi wa osaka mbewa umaphimba nyenyezi zambiri. Tikamaotcha tchire timaononga nthaka, timaononganso thambo.

Chinanso, zoyang'ana kumwambazi sizinabwere ndi azungu. Makolo athu ankadziwa kuti Nsangwe, kagulu ka nyenyezi komwe app imakatchula Pleiades, zikamatuluka kum'mawa dzuwa litangolowa cha mu Novembala, nthawi ya mvula ndi kubzala yafika. Nyenyezi zitatu zondondozana za mu Orion anazitcha Akamwiniatsatana. Nthano ina yakale imati mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani, nthanda ya kum'mawa, amaumana chakudya mpaka uwonde, pomwe Puikani, nyenyezi ya madzulo, amaudyetsa mpaka unenepe. Taonani luso lili apa. Mwezi wakutha, woonda, umaonekadi kum'mawa m'bandakucha, ndipo mwezi watsopano umayamba kukula kumadzulo. Anthu amenewa ankayang'ana mwachidwi. Chomwe app ingawonjezere n'chakuti akazi awiriwa ndi mmodzi yemweyo, Venus, amene miyezi ina amaoneka m'mawa, miyezi ina madzulo.

Ngakhale mbiri yathu inalembedwa kumwamba. Angoni a Zwangendaba ankakumbukira kuti tsiku lomwe anaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri atawerengera m'mbuyo anapeza kadamsana wa mu Novembala 1835, ndipo ndi mmene tinadziwira chaka chomwe anaolokera. Lero lino asodzi a usipa ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay amadziwa kuti mwezi ukawala, nyali zawo sizikoka nsomba, ndipo ogula kumsika amazimva pamtengo. Abale athu achisilamu amayang'ana mwezi watsopano kuti adziwe kuyamba ndi kutha kwa Ramadan. Sayansi ya zakumwamba ili kale pakati pathu, kungoti sitinaitchule dzina.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mayina amenewa akupita ndi agogo. Mu Stellarium mutha kusankha kuona thambo ndi mayina a Atchaina, Aarabu kapena Amaori a ku New Zealand, ndipo pulogalamuyi ndi yotseguka kwa aliyense wofuna kuwonjezeramo za kwawo. Nanga a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena adzalemba ndani? Ntchito imeneyi sifuna digiri. Ifuna mnyamata kapena mtsikana woti akhale pabwalo ndi agogo usiku, app ili m'manja, agogo akuloza nyenyezi n'kutchula dzina, iye akujambula mawu ndi kulemba dzina lomwe lili pasikirini. Agogo omwe ena amawaloza chala kuti ndi afiti ndi omwewo akusunga nzeru zomwe palibe setilaiti ingatipatse.

Pamene ife tikukangana za tanthauzo la mwezi wofiira, anzathu oyandikana nawo akupanga ntchito. Ku Karoo ku South Africa kuli MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 yomwe inatsegulidwa mu 2018, ndipo ndi gawo la ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array. Mayiko ena 8 a mu Africa omwe anagwirizana ndi South Africa pantchitoyi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Werenganinso mndandandawo. Zambia alipo, Mozambique alipo, ife tili pakati pawo koma dzina lathu palibe. Ghana inatenga dishi yakale ya matelefoni ku Kutunse n'kuisandutsa telesikopu mu 2017. Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zakumwamba padziko lonse unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa. Ku Namibia, malo a NamibRand anavomerezedwa mu 2012 ngati malo otetezedwa a thambo lamdima, ndipo alendo amapitako kukagona panja kuonera nyenyezi. Ife tili ndi Nyika, phiri la Mulanje ndi nyanja yomwe timaitsatsa kunja ndi dzina la Lake of Stars, koma ndi angati mwa operekeza alendo athu angaloze nyenyezi zisanu n'kuzitchula mayina?

Sindikunena kuti aliyense woika Stellarium m'foni adzalembedwa ntchito ku Karoo. Ndikunena kuti ntchito za kumeneko, za masamu, makompyuta ndi uinjiniya, zimayamba ndi mwana amene anaona chinthu n'kufuna kudziwa chifukwa chake. Ndipo ngakhale osapita patali ndi sukulu ali ndi gawo. Pa ntchito ya Globe at Night, munthu amangoyang'ana gulu limodzi la nyenyezi, kufananiza ndi zithunzi za pafoni, n'kutumiza zomwe waona kuti akatswiri adziwe mmene magetsi akuphimbira thambo padziko. Mu 2007 mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, akuthandiza kusanja zithunzi za milalang'amba pa intaneti, anaona chinthu chomwe akatswiri anali asanachizindikire, ndipo mpaka lero chimatchedwa dzina lake.

Pali zinthu zingapo zomwe sizifuna bajeti ya boma. Mawayilesi athu, makamaka a m'madera, azilengeza kadamsana kapena kudutsa kwa masetilaiti kusanachitike, monga amalengezera za nyengo. Chinthu chomwe chanenedwa dzulo kuti chichitika 7:30 n'kuchitikadi 7:30, palibe angachisandutse malodza. M'sukulu zambiri za sekondale foni ndi zoletsedwa, ndipo zifukwa zake n'zomveka, koma foni imodzi ya mphunzitsi wa Geography kapena Physics ndi yokwanira kutulutsa kalasi yonse pabwalo la mpira usiku umodzi pa teremu. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti nawo athandize, chifukwa kudziwa mmene mwezi umayendera sikuchotsera munthu chikhulupiriro. Chimangomuteteza kwa ofuna kudyerapo pa mantha ake.

Chenjezo limodzi lokha ndilinene motsindika. Dzuwa saliyang'ana, kaya ndi maso, magalasi akuda, filimu ya ekisire kapena zoonera patali. Limaotcha mkati mwa diso popanda ululu, ndipo palibe mankhwala. Pa kadamsana wa dzuwa, boolani kabowo kakang'ono pakatoni, lolani kuwala kudutse kugwere papepala, muziyang'ana papepalapo. Kapena ingoimani pansi pa mtengo wa masamba, muone tizithunzi ta dzuwa lodyeka tili mbwee pansi. Achikulire omwe anaona kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pomwe ku Lusaka kunada masana, akuuzani mmene nkhuku zinasokonezekera.

Lembani masiku awa m'foni mwanu. Chaka chilichonse cha pa 5 ndi 6 Meyi m'bandakucha kumaoneka timiyala tambiri tong'anima, tomwe ndi fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley, ndipo ena otere amabwera pa 13 ndi 14 Disembala ngati mitambo yalola. Pa 31 Disembala 2028 mwezi udzafiiranso madzulo ukungotuluka kumene, usiku wolowera chaka chatsopano, matchalitchi atadzaza. Mukuganiza kuti mauthenga adzakhala otani? Pa 25 Novembala 2030 m'mawa dzuwa lidzada kotheratu m'madera ena a Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo kuno tidzaona mbali yake itaphimbika.

Masiku amenewa ndi odziwika kale, ndipo ofalitsa mantha adzakhala okonzeka. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndiye tiyambe ndi foni yomwe tili nayoyi. M'gulu lililonse la WhatsApp, la banja, la mpingo kapena la anzanu akusukulu, mukhale munthu mmodzi woti uthenga woopsa ukafika aziyankha kuti, "Dikirani kaye, nditsegule app tione." Usiku uno kukakhala kopanda mitambo, tulukani panja, pezani chowala kwambiri chomwe chili kumwamba, ndipo musagone musanadziwe dzina lake.